Galaja yathu idayamba ndi Benz ya malemu

Mu 2012, petulo akusowa dziko lonse, bambo ena a ku Namiwawa adakoketsa Mercedes-Benz 280E mpaka pabwalo pathu ku Ndirande. Nthawi imeneyo galaja yonse inali mthunzi wa mtengo wa mango, bokosi la masipanala, ine ndi mlamu wanga. Amakaniko awiri anali atawauza kale bambowo kuti achotse injection yonse, makina opopera petulo mu injini, aikepo kabureta. Iwo adakanitsitsa, ati galimotoyo adawasiyira ndi malemu atate awo, sangailole kudulidwa ziwalo.

Inali W123, mtundu umene udatuluka mu 1976, ndipo mafuta ake amayenda ndi K-Jetronic ya Bosch. Anthu amaiopa chabe, mulibe kompyuta mmenemo. Mpweya wolowa mu injini umakankha kambale, kambaleko kamasuntha kachitsulo ka mu fuel distributor, petulo n'kugawika kupita ku ma injector 6 amene amapopera mosalekeza. Chimene imafuna ndi mphamvu ya mafuta, pafupifupi 5 bar.

Vuto lake linali loti ikalira bwinobwino m'mawa, ikangotentha imayamba kutsokomola kenako zii. Tidabwereka geji yoyezera mphamvu ya mafuta, idaonetsa 3 bar. Mlamu wanga adati, "Alamu, pampu yafa iyi, tiitanitse ku Joni." Ndidatsala pang'ono kuvomera. Koma ndidalowa kunsi ndi mita yoyezera magetsi, n'kupeza pampu ikulandira mavolti 9 okha m'malo mwa 12. Waya wa earth unali utadyeka ndi dzimbiri, ndipo fyuzi yake, ya zakale zija zosongoka mbali zonse, inali itachita yoyera m'mphepete. Tidapala, tidamanga waya wina, geji idakwera. Chidatsala ndi thanki, yomwe inali ndi madzi ndi matope a petulo wa m'zigubu. Tidaitsitsa, kuitsuka, kusintha fyuluta.

Bambowo adalipira ndalama yochepa mpaka adachita manyazi. Sabata isanathe adatitumizira mnzawo wa Golf GTI yakale, yomwenso ndi ya K-Jetronic. Iyo inkafuka utsi wakuda ndi kumwa mafuta ngati chidakwa. Makoswe anali atatafuna waya wopita ku warm-up regulator, chipangizo choonjezera mafuta injini ikakhala yozizira, motero kachitsulo ka mkati sikankatentha msanga, injini n'kumalandirabe mafuta ambiri ngati kuti ikadali yozizira.

Kuchokera pamenepo tidasiya kulimbana ndi maminibasi. Lero tili ndi shedi ya malata ndi anyamata atatu, ndipo lamulo la pano ndi limodzi: palibe kumasula sipeya usanayeze magetsi ndi mafuta. Chimene chimandipsetsa mtima ndi mawaya olumikiza pongopota ndi kukulunga tepi. Ukatsegula pansi pa dashibodi umapeza chisa cha mpheta, mtundu uliwonse wa waya, wina wochokera ku wailesi ya m'nyumba. Ntchito yotere timalipiritsa pa tsiku, chifukwa kutsata waya umodzi kumatha kudya m'mawa wonse.

Masipeya ndiwo mutu. Ambiri amabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, ndipo ndalama zakunja zikasowa galimoto imakhala pamiyala mwezi wathunthu mwini wake akuimba foni tsiku ndi tsiku. Benz ija imabwerabe chaka chilichonse kudzasintha fyuluta, koma tsopano amaiyendetsa ndi mwana wawo wamkazi.