Sabata ya "kuposa" m'kalasi ya Chiafrikaans ku Paarl

Kalasi yathu ya madzulo ku Paarl, tauni ya ku South Africa, ndi ya anthu ogwira ntchito m'minda ya mphesa ndi m'makhitchini, ambiri ochokera ku Malawi. Sabata ino timaphunzira kunena zomwe munthu amakonda komanso kuyerekeza zinthu.

Lolemba tinayamba ndi "hou van", ndipo vuto linatulukira pomwepo. Kwathu timangoti "ndimakonda tiyi", ndiye pafupifupi onse analemba "Ek hou tee". Popanda "van", "hou" ndi kusunga kapena kugwira. Munthu wanena kuti akusunga tiyi. Cholondola ndi "Ek hou van tee". Pokana pamafunika "nie" awiri, wachiwiri kumapeto: "Ek hou nie van vis nie". Chikondi cha pa ana chili ndi mawu akeake: "Ek is lief vir my kinders".

Lachiwiri ndi Lachitatu zinathera pa kuyerekeza, ndipo apa mpomwe pagona ntchito. Chichewa chimasenzetsa katundu yense "kuposa", mfotokozi osasintha: chachikulu kuposa, chodula kuposa. Chiafrikaans chimasintha liwu lenilenilo pomata -er, kenako "as", amene ndiye "kuposa". Ophunzira amathamangira "meer groot as", zomwe zimamveka koma nzolakwika. Ndinabweretsa mapepala a mitengo a m'sitolo, aliyense n'kupanga ziganizo 5, monga "Hoender is goedkoper as beesvleis".

Kalembedwe ndi komwe kamagwetsa anthu. "Groot" amataya o mmodzi, "groter". "Dik" amawirikiza k, "dikker", kuti i akhalebe wamfupi. Mawu othera ndi r amalandira -der: "duur" akhala "duurder", "lekker" akhala "lekkerder". Ena amataya chilembo, "koud" n'kukhala "kouer", "hoog" n'kukhala "hoër", pomwe "sag" amatulutsa t yemwe sanaliko: "sagter". "Goed, beter, beste" ndi "min, minder, minste" alibe lamulo, nkuloweza basi. "Meer" malo ake alipo, pa mawu aatali othera ndi e, monga "meer tevrede".

Odziwako Chingerezi amalemba "dan" m'malo mwa "as" chifukwa chofanana kamvekedwe ndi "than" wa Chingerezi, chikhalirecho "dan" ndi "kenako". Zinthu zikakhala zofanana, "as" amachoka: "Jy werk so hard soos ek".

Lachinayi tinadutsa mwachangu pa "verkies", kukonda china kuposa chinzake, amene amayenda ndi "bo": "Ek verkies tee bo koffie". Kunena zoona, kumunda simumumva kawirikawiri. Anthu amangoti "Ek drink liewer tee", ndipo ndi chiganizo chimenechi chomwe ndinati agwiritse.

Lachisanu kunali kamayeso ka mafunso 20. "Die grootste" (chachikulu kuposa zonse) ndi "die goedkoopste" (chotchipa kuposa zonse) anakhoza onse. Omwe analemba "Ek hou meer van pap as van rys" mokwanira anali ochepa. "Van" wachiwiri uja ena amamusiya polankhula, koma ambiri anataya ndi woyamba yemwe. Lolemba tiyambira pomwepo.