Msika wa ufulu umenewu, ufulu wake ndi wa ndani?

Sabata yatha tinakangana ndi achimwene anga mpaka nsima kuzizira m'mbale, nkhani yake ya chimanga. Iwowa amapanga geni yogula mbewu, nthawi yokolola mumawapeza atakoleka sikelo pa mtengo wa mango pa trading paja, ndiye ukangotchula boma nkhope imasintha. Akuti msika wa ufulu ndi woti wogula ndi wogulitsa amvane okha, wakondwa nawo mtengo gulitsa, sunakondwe nyamula thumba lako uzipita. Ndinawafunsa kuti koma achimwene, munthuyo azipita kuti?

Ine ndinawaona azakhali mwezi wa Epulo, thumba lili pa kabaza, chimanga chake chisanaumitsitse n'komwe, mwana amubweza kusukulu kaamba ka fizi komanso wa katapila akufika pakhomo m'mawa uliwonse. Venda wina, osati achimwenewa, anakoleka thumba lija muvi n'kuima pa 44 pomwe kunyumba tinaliyeza bwinobwino linali lodzadza la 50 kg. Mavenda anayi onse pamalopo mtengo umodzimodzi ngati anachita kupangana kum'mawa. Azakhali anangoti chabwino bambo ndipatseni zomwezo, n'kumanga ndalama pansonga ya chitenje. Chimanga chomwecho Januwale akamakasuma achipeza chitadula moti ndalama ija singagulenso ngakhale theka lake.

Sikuti achimwene alibe mfundo ayi. Anandikumbutsa za kale pomwe ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, inali yokha yogula mbewu za alimi ang'onoang'ono ndipo mtengo unkachokera kumwamba, iwe n'kungolandira. Fodya wa bale mlimi wamba sankaloledwa kulima, unali wa maesiteti mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pomwe boma linalola anthu wamba kugula mbewu mu 1987, World Bank ndi IMF akukankha kumbuyo, ambiri anapumako. Ndiye inde, lamulo nalo limatha kumubera mlimi, zimenezo sindikana. Ngakhale masiku ano boma likatseka mabodala kuti chimanga chisatuluke m'chaka choti tadula bwino, amene amalira ndi mlimi yemweyo poti mtengo umagwa.

Koma amene tinaona njala ya 2002, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa, anthu akulimbirana madeya kuchigayo, sitingavomere zoti msika umadzikonza wokha. Mwina umadzikonzadi koma pofika nthawiyo maliro mwaika angati? Nanga alimi a nandolo mu 2017 India atachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwawo, mtengo n'kugweratu pansi, matumba kumangofumbwa m'nyumba ku Mulanje ndi ku Phalombe, analakwa chani?

Chomwe chimandipweteka n'chakuti malamulo amene tili nawo ambiri ndi a pa wailesi. Chaka chilichonse unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma pansi pa mango paja palibe amaitchula, ukaitchula akuuza kuti kagulitseni ku wailesi komweko. Ine sindikufuna boma lizitiuza mtengo wa tomato ayi. Ndikufuna sikelo iliyonse yogulira mbewu ikhale yoyezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo aziyendera mpaka kumidzi osati m'tauni mokha. Lamulo la mpikisano pa malonda lilipo kuyambira 1998, bungwe la CFTC loonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa lilipo, ndiye ogula akapangana mtengo pakhale poti mlimi n'kukadandaula pafupi, mu Chichewa, osafunika kukwera basi ya ku Lilongwe. Pakhalenso nkhokwe zoti mlimi asungitse mbewu zake n'kubwerekerapo kandalama ka fizi podikira mtengo ukwere. Munthu amene angathe kunena kuti lero sindigulitsa, ameneyo ndiye ali pa msika wa ufulu, azakhali aja sanali.

Achimwene anakhala chete kanthawi kenako akuti iwonso amaberedwa ndi masikelo a mabwana akuluakulu akakapereka katundu ku tauni, komanso transipoti yawakwerera kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Za mitengo sitinamvane mpaka pano, koma za sikelo avomera. Chaka chino ndipita ndi thumba la feteleza losatsegula la 50 kg, tikalikoleke pa sikelo yawo alimi onse akuona, asanayambe kugula.