Fomu ya masitazi ikufuna ndifotokoze zimene makutu anga amachita

Miyezi ino ndakhala ndikulimbana ndi mafomu ofunsira malo a digiri yachiwiri, ija timangoti masitazi, pa zojambula ndi kukonza mawu. Mnzanga amene timagwira limodzi mu situdiyo atamva anandiuza mosapita m'mbali kuti, "Aise, makwaya ukujambula kale, anthu akukulipira. Pepalalo likuwonjezera chiyani?" Masukuluwo nawo akufunsa funso lomwelo, kungoti iwo amalifunsa mwaulemu, ndipo yankho lake amafuna lilembedwe.

Ntchito yoyamba inali kusiyanitsa maphunzirowa, chifukwa mayina amafanana koma za m'kati n'zosiyana kwambiri. Ku University of Westminster ku London kuli MA Audio Production, ndipo Berklee ili ndi nthambi ku Valencia m'dziko la Spain komwe kuli masitazi ya chaka chimodzi ya Music Production, Technology, and Innovation. Amenewa amatsamira pa kupanga: kujambula, mixing (kusakaniza mawu ojambulidwa kuti amveke bwino pamodzi), mawu a m'mafilimu. Koma MSc Sound and Music Computing ya ku Queen Mary University of London ndi nkhani ina. Kumeneko ndi masamu ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo munthu akhoza kumaliza bwinobwino ali katswiri wopanga zida zimene ife timangogwiritsa ntchito. McGill ya ku Montreal ili ndi masitazi ya Sound Recording yomwe imafuna munthu amene anaphunzira kale nyimbo mozama, ndi maphunziro ena okonzekera asanalowe. Maganizo amenewo ndi ofanana ndi a maphunziro a ojambula mawu otchedwa Tonmeister, omwe anayambira ku Detmold ku Germany mu 1949, akuti wojambula ayenera kukhala woyimba wodziwa kuwerenga manotsi, osati wongotembenuza mabatani.

Ine manotsi ndimawerenga mokwawa, masamu ndinawasiya kalekale. Ndiye ndatsamira ku MA, koma yokhala ndi kafukufuku kumapeto.

Pomwe pali thukuta lenileni ndi portfolio, zitsanzo za ntchito zako. Amafuna nyimbo zochepa zimene wajambula wekha, ndipo pa iliyonse ufotokoze zimene unachita ndi chifukwa chake. Ndinali ndi mabiti ambiri omveka bwino pagalimoto, koma nditawamvera motsatizana ndinaona kuti munthu wa ku Lagos kapena ku Atlanta akhoza kutumiza zomwezo, mwinanso zoposa, pa zida zabwino kuposa zanga. Chimene iye alibe ndi kwaya ya amayi mu tchalitchi cha malata chopanda siling'i. Ndiye ndinayika imeneyo patsogolo.

Kulemba za nyimbo imeneyo kunanditengera masiku. Ndinajambula ndi maikolofoni awiri m'njira ya ORTF, otalikirana masentimita 17, otsegulidwa madigiri 110, ndawayimika kutsogolo kwa kwaya pamwamba pang'ono pa mitu. Vuto linali ng'oma. Inkameza amayi a alto, ndipo khoma la simenti linkaibweza kawiri. Ndikanatha kulimbana nayo pa kompyuta, koma ndinapempha bambo woyimba ng'omayo kuti asunthire pafupi ndi chitseko chotsegula. Anayamba akana. "Achimwene, ndikakhala kutali amayiwa asochera." Tinagwirizana kuti akhale pomwe wotsogolera akuwaona manja, ndipo alto inatulukira yokha. Panalinso kung'ung'udza kwa magetsi kochokera pa kiyibodi, kuja kwa 50 Hz (kunjenjemera ka 50 pa sekondi) komwe aliyense wojambula kuno amakudziwa. Magetsi atathima tinapitiriza ndi mabatire, kung'ung'udzako kunatheratu, ndipo gawo limene ndatumiza ndi lomwelo lojambulidwa magetsi kulibe.

Zonsezi tsiku lojambulalo ndinazichita osaganiza kawiri. Koma pepala silimva zoti "ndinangomva kuti pakhale apa". Likufuna chifukwa. Apa m'pamene ndinabwerera ku mabuku, ndipo ndi gawo limene landisangalatsa kuposa onse. Ndinapeza kuti panja poyera, ukachulukitsa kawiri mtunda wa pakati pa ng'oma ndi maikolofoni, mphamvu ya mawu imatsika ndi ma decibel 6 (decibel ndi muyezo wa mphamvu ya mawu), ngakhale m'nyumba makoma amabwezako ena. Ndinapeza kuti kuwomba m'manja kuja ndimachita ndikangolowa m'tchalitchi, kumvera kuti mawu atha liti, akatswiri amakuyeza ndi nambala, nthawi imene mawu amatenga kuti atsike ndi ma decibel 60, ndipo Wallace Sabine wa ku Harvard anapeza masamu ake zaka zoposa 100 zapitazo. Masamu akewo amafotokozanso chifukwa chake tchalitchi chomwecho chimamveka mwina Loweruka chili chopanda anthu, mwinanso Lamulungu chitadzaza: matupi ndi zovala zimayamwa mawu. Masamu a katswiri wina, Nyquist, anandifotokozera chifukwa chake kujambula pa 44.1 kHz, ndiye kuti kutola mawu ka 44,100 pa sekondi, kumakwanira khutu la munthu, lomwe limalekeza cha pa 20 kHz. Si kuti kuwerengaku kwasintha makutu anga. Kwandipatsa pakamwa.

Nkhani ya kukweza saundi inandivuta m'njira ina. Kasitomala wa kuno amafuna nyimbo yoti ikalira mu minibasi kapena pa bala izipose ya mnzake, ndipo sindimuweruza, akudziwa kumene nyimbo yake ikamvekere. Koma kuti ifike pamenepo timaifinya mpaka pofunika kunong'ona ndi pofunika kufuwula zimafanana. Spotify, yomwe anthu amamverapo nyimbo pa intaneti, imatsitsa nyimbo zokwera kwambiri kufika cha pa -14 LUFS (muyezo wa kukwera kwa saundi), ndipo muyezo wa mawayilesi a ku Ulaya wa EBU R128 uli pa -23 LUFS. Choncho mphunzitsi womvera portfolio sagwidwa mtima ndi phokoso. Ndinabwerera ku mafayilo oyambirira, n'kukonzanso mastering, kusalaza komaliza kwa nyimbo, yopatsa nyimbo mpata wopuma, n'kutumiza ngati WAV ya 24 bit, fayilo yosafinyidwa. Amene mumasunga ntchito zanu pa WhatsApp pokha, fufuzani mafayilo enieni lero, zisanafike pofunidwa.

Kenako pali kalata yofotokoza chifukwa chimene ukufunira maphunzirowo. Msampha wake ndi woonekeratu: kulemba za umphawi, za kusowa zida, kuti akumvere chisoni. Nkhani imeneyo ndaikana. Wowerengayo akufuna wophunzira amene ali ndi funso, ndipo langa ndi ili: kodi timajambula bwanji nyimbo zimene oyimba ake sayima malo amodzi? Njira zambiri za m'mabuku zinapangidwira oyimba okhala pa mipando kapena oyima kutsogolo kwa maikolofoni. Koma mu malipenga, mu tchopa, mu chimtali, kuponda kwa mapazi ndi kuzungulira kwa bwalo ndi mbali ya nyimboyo. Ukawayimitsa pamzere kuti ujambule bwino, wajambula chinthu china.

Si ine woyamba kukumana nazo. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music, nkhokwe ya nyimbo za mu Africa, mu 1954, yomwe lero ili ku Rhodes University ku Makhanda m'dziko la South Africa, anajambula nyimbo kuno m'zaka za m'ma 1950, dziko likadali Nyasaland. Iye ankagwira maikolofoni m'manja n'kumayenda nayo pakati pa oyimba, kuyandikira chida ichi kenako icho, mixing ikuchitikira pa mkono pomwepo. Zimenezo zikutanthauza kuti tikamamvera zojambula zake timamva zimene iye anasankha kuti timve. Lero kuli maikolofoni a ambisonics otola mawu kuchokera mbali zonse, oti kusankhako ukhoza kukuchita pambuyo pake, mwinanso pamodzi ndi eni ake gule. Ichi ndi chimene ndikufuna kukayesa, ndipo ndalembamo poyera kuti pali magule ena oti chilolezo cha eni bwalo chimabwera patsogolo pa chida chilichonse.

Za ndalama ndinena mwachidule, ngakhale ndi zimene zimagwetsa ambiri. Kudzilipirira ndekha n'kosatheka, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndikuyang'ana ku Chevening, sikolashipi ya boma la UK, yomwe imatsegula mafomu mu Ogasiti. Imafuna kuti usankhe makosi atatu a ku UK, ukhale utagwirapo ntchito maola 2,800, ndipo ulonjeze kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri ukamaliza. Maolawo kwa munthu wolembedwa ntchito ku ofesi si nkhani. Kwa ife ojambula, omwe ntchito imabwera pa foni n'kulipidwa pamanja, pamafunika kukhala pansi ndi kope n'kulondoloza chimbale ndi chimbale, ukwati ndi ukwati. Masukulu ambiri amafunanso kuti upeze 6.5 pa mayeso a Chingelezi a IELTS, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho osathamangira kulemba musanadziwe chaka chimene mukufunsira. Transcript yanga, pepala la zotsatira za digiri yoyamba, inachedwa mpaka ndinachita kukwera basi kukaitsatira ndekha.

Makalata a umboni ndapempha awiri: ina kwa mphunzitsi wanga wakale, ina kwa mwini situdiyo amene anandiphunzitsa kukulunga mawaya ndisanaloledwe kukhudza mikisa. Mphunzitsiyo anandiyankha kuti, "Tumizani kaye nyimbozo ndimve, sindingachitire umboni chinthu chimene sindinamve." Ndawatumizira ziwiri. Yachitatu ikufunika ionetse kuti ndimathanso ntchito ya mu situdiyo, ndiye Loweruka likubwerali ndikujambula gulu la anyamata anayi, ng'oma zenizeni, gitala ndi besi, onse m'chipinda chimodzi nthawi imodzi. Ndabwereka kale maikolofoni ena awiri ndi matiresi otchingira mawu.