Waya wa aluminiyamu uja wagwira tsopano

Masiku anayi athunthu ndakhala ndikulimbana ndi mfundo imodzi yolumikiza waya wa aluminiyamu ndi wa kopa. Lero m'mawa yagwira, ndakoka ndi pulayala koma osasuntha, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale.

Ndi tchaja cha batire chija ndinatenga kwa amalume ku Chitakale, cha thiransifoma yaikulu. Waya wina wotuluka m'koilo anali atathothoka, pamalopo pali ufa woyera ngati phulusa. Nditapala vanishi ndi lezala ndimayembekeza kuona kufiira kwa kopa, koma ayi ndithu, mbee! Aluminiyamu.

Ndinayesa solder, chitsulo chofewa chimene timasungunula polumikiza mawaya, wanga uja wa 60/40 (magawo 60 a tin, 40 a lead) monga mwa masiku onse. Ankangoundana timipira n'kumagubuduka ngati madzi pa tsamba la nthochi. Vuto lake ndi ili: aluminiyamu ukangomupala, mpweya umamuveka kachikopa kena nthawi yomweyo, usanafike n'komwe potola soldering iron, chida chosungunulira solder. Kachikopa kameneko sikasungunuka mpaka kutentha kutapitirira madigiri 2,000, pomwe aluminiyamu mwini wake amasungunuka pa 660 ndipo solder wathuyu cha m'ma 190. Flux wa rosin, mankhwala oyeretsa chitsulo kuti solder agwire, sakadya n'komwe. Ine m'malo moganiza ndinangolimbikira kutenthetsa, mpaka kupsereza vanishi wa mawaya oyandikana nawo. Kudula, kuyambiranso, kudula. Pofika Lachitatu kawaya kotsala kanali kosaposa chala changa chaching'ono, mtima uli m'mwamba.

Chandipulumutsa ndi oyilo wa makina osokera a mayi a kunyumba. Ndinadontheza pawayapo n'kupala ndi lezala mkati mwa oyilomo kuti mpweya usafike. Kenako dontho lalikulu la solder pamwamba, n'kumakwecha ndi nsonga ya iron pansi pa dontholo. Ka iron kanga ka mawati 40 kanagonja, chifukwa aluminiyamu amathawitsa kutentha msanga. Ndinatulutsa chakale chija cha mutu wa kopa, chotenthetsa pa mbaula. Utsi wake wonunkha zedi, chitirani panja. Ulendo wachitatu ndinaona solder akuyenderera yekha pawaya, waliwali. Waya wa kopa ndinamupaka solder payekha, n'kupotera pamodzi, n'kuwotcherera.

Tchajacho chayaka ola lathunthu pa batire la galimoto, mfundoyo ndikaikhudza siikutentha.

Nkhawa yanga ndi chinyezi cha kuno. Kopa ndi aluminiyamu zikakhudzana pali madzi zimasanduka kabatire kakang'ono, ndipo wodyeka ndi aluminiyamu. Ufa woyera uja ndi umenewo. Eriyo ya wailesi ndinapanga chaka cha dzana ndi paipi ya aluminiyamu ndi waya wa kopa sinamalize dzinja limodzi, chiperoni chinadzangomalizitsa. Ndiye ulendo uno ndatsuka ndi sipiriti, ndapaka guluu, heat shrink (kachubu ka pulasitiki kofinyika kakatenthedwa) pamwamba.

Mdala wina amene ndimagulako zida ku Limbe, wa kashopu kopanikizika koma kosasowa kanthu, ndamupempha andifunire solder wa tin ndi zinc, wa 91/9, amene amasungunuka pa 199 ndipo amagwirizana bwino ndi aluminiyamu. Iyeyu ndi amene anandiphunzitsa kuyesa waya wa sola ndi laita: wa kopa weniweni amangofiira n'kukhala chilili, wa aluminiyamu wokutidwa kopa amapindika n'kufumbutuka.

Mfundoyi ikafika Ogasiti ili bwino ndidzakuuzani. Pakadali pano maso ali pa thiransifoma ya microwave ili pansi pa bedi. Ndikufuna kupanga nayo spot welder yangayanga (makina owotcherera zitsulo pakadontho), mwinanso kukulunganso koilo yonse ya tchajachi ndi kopa, ndalama ya waya ikapezeka.