Zinyalala za nyukiliya: ndani amafunsidwa, ndani amangouzidwa?

Ntchito imene tinapatsidwa teremu ino m'kalasi ya malamulo a zachilengedwe inkaoneka yophweka: masamba khumi ofotokoza mmene boma lingagwirire ntchito ndi onse okhudzidwa pokonza ndondomeko yosungira zinyalala za nyukiliya. Ndinamaliza m'masiku atatu. Ndinaikamo misonkhano m'maboma onse, mapologalamu a pawailesi, zisudzo, timapepala ta m'zilankhulo za anthu, osaiwala kukaonekera kwa mafumu. Pepala linabwerera ndi funso limodzi la inki yofiira kumapeto: "Anthuwa akamva zonsezi n'kunena kuti ayi, chichitike n'chiyani?"

Ndinawerenganso masamba onse khumi. Panalibe ndi pamodzi pomwe pamene munthu akanatha kukana. Chimene ndinalemba chinali dongosolo lozindikiritsa anthu za chinthu chogamulidwa kale, ine n'kumadzitama kuti ndawafunsa maganizo. Manyazi amenewo ndi amene anandikhazika m'laibulale masabata atatu otsatira.

Kwa amene nkhaniyi ndi yachilendo, vuto lake lili chonchi. Popanga magetsi a nyukiliya amagwiritsa ntchito yureniyamu woikidwa m'timachubu tachitsulo. Pakapita zaka zingapo timachubuti amatichotsa, koma timakhala tikutenthabe ndi kutulutsa cheza choti chikhoza kupha munthu woima pafupi popanda chotchinga. Mkati mwake muli pulutoniyamu wina amene mphamvu yake imachepa ndi theka pakadutsa zaka pafupifupi 24,000. Akatswiri ambiri amagwirizana kuti njira yabwino ndi kukwirira zinthuzi m'thanthwe pansi penipeni. Dzala limeneli aliyense amavomereza kuti likufunika. Mkangano umayamba pofunsa kuti likumbidwe kuseri kwa nyumba ya yani.

Maiko amene anayamba ndi kuloza malo kenako n'kukauza eni ake anapsa manja. Ku West Germany, mu 1977, nduna yaikulu ya chigawo cha Lower Saxony, Ernst Albrecht, inalengeza kuti malo ake ndi Gorleben, mudzi wa kumalire ndi East Germany. Mu 1979 alimi anayendetsa mathirakitala awo mpaka ku Hannover pokana. Zionetsero zinapitirira zaka makumi, dziko linayambiranso kufufuza ndi lamulo latsopano la 2013, ndipo mu 2020 Gorleben inachotsedwa pamndandanda. Ku America, mu 1987, nyumba ya malamulo inasiya malo awiri mwa atatu amene ankafufuzidwa, a m'chigawo cha Texas ndi a m'chigawo cha Washington, n'kutsala ndi phiri la Yucca ku Nevada. Nthawi imeneyo sipikala wa nyumbayo anali wa ku Texas ndipo womutsatira paudindo anali wa ku Washington, mudziwerengere nokha. Nevada ilibe n'komwe malo opangira magetsi a nyukiliya. Bwanamkubwa wake anakana mu 2002, nyumba ya malamulo inagonjetsa kukanako, koma mabiliyoni a madola atalowa m'phirimo ntchito inaima m'nthawi ya Barack Obama. Komiti imene iye anakhazikitsa inalangiza mu 2012 kuti malo azisankhidwa eni dera atavomera.

Nditafika pa Finland ndinaganiza kuti yankho la funso la inki yofiira lija ndalipeza. Kumeneko lamulo limapatsa khonsolo ya dera mphamvu yokana, ndipo ikakana boma silingapitirire. Mu 1994 anakhwimitsanso lamulo kuti zinyalala zopangidwa ku Finland zizikwiriridwa ku Finland komweko ndipo za kunja zisalowe, zomwe zinachotsa mantha akuti derali lidzasanduka dzala la Ulaya yense. Kampani ya Posiva, yoyang'anira ntchito yokwirira zinyalalazi, inafufuza malo anayi. Khonsolo ya Eurajoki, kumene kuli amodzi mwa malowo, inavota mu Januwale 2000, makhansala 20 kuvomera, 7 kukana. Nyumba ya malamulo inatsimikiza mu Meyi 2001 ndi mavoti 159 kwa 3. Kukumba kunayamba mu 2004 pachilumba cha Olkiluoto m'dera la Eurajoki, ndipo lero kuli ngalande zotchedwa Onkalo, mamita oposa 400 pansi, momwe timachubu tija tiziikidwa m'migolo ya mkuwa yozingidwa ndi dongo lofufuma likanyowa, kuti tikhale mmenemo zaka 100,000.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mphamvu yokanayo ndi imene inachititsa kuti kukambirana kukhale kwenikweni. Munthu amene ukudziwa kuti akhoza kukubweza umamuyankha funso lililonse, ngakhale lokunyansa. Ku Sweden zinatero ndithu. Anthu a ku Storuman anakana pa riferendamu mu 1995, a ku Malå mu 1997, ndipo kampani ya SKB, yoyang'anira zinyalala za nyukiliya m'dzikolo, inanyamula katundu n'kuchoka. Madera ena ataona kuti "ayi" amalemekezedwa, analimba mtima kupitiriza kukambirana, mpaka awiri, Östhammar ndi Oskarshamn, anachita kupikisana. Mu 2009 anasankha Forsmark m'dera la Östhammar. Sweden inachitanso china chimene ndinachilemba ndi zilembo zazikulu m'kope: makhonsolo, ndipo kenako mabungwe oteteza chilengedwe, ankalandira ndalama kuchokera kuthumba lolipirira ntchito ya zinyalalazi kuti adzipezere okha akatswiri osanthula zimene kampani ikunena. Lipoti la masamba masauzande ukalipereka kwa mlimi wopanda womuwerengera, wamupatsa mwala kuti adye.

Komabe mnzanga wa m'gulu lathu lowerengera anandidula chisangalalo. Anati: taona amene anavomerawo. Eurajoki yakhala ndi malo opangira magetsi a nyukiliya kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Anthu ake amagwira ntchito kumeneko, khonsolo imadya msonkho wa kumeneko. Forsmark chimodzimodzi. Komanso khonsolo ya Eurajoki isanavote, panali mgwirizano woti Posiva ichite lendi nyumba yakale ya Vuojoki, imene inali yosungira okalamba, n'kuthandiza kuti khonsolo imange ina yatsopano. Ku South Korea, anthu a ku Buan atachita zipolowe mu 2003 pokana malo osungira zinyalala, boma linaika patebulo ndalama zokwana 300 biliyoni won, ndipo mu 2005 mzinda wa Gyeongju unavomera ndi mavoti pafupifupi 90 pa 100 alionse. Mnzangayo anangoti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ine sindinamuvomereze zonse. Dera losenzera dziko lonse katundu liyenera kupindulapo, ndipo anthu okhala pafupi ndi makinawa zaka makumi amawadziwa kuposa ife owerenga m'mabuku. Koma mawu ake anandisiyira kachisa mumtima: kuvomera kwa munthu wokhuta ndi kuvomera kwa munthu wanjala kumalembedwa mofanana papepala la voti.

Nkhani imene inagwetsa zonse zimene ndinkaganiza ndi ya ku Kimba, katauni ka alimi a tirigu ku South Australia. Kumeneko sankafuna kukwirira timachubu ta magetsi, chifukwa Australia ilibe magetsi a nyukiliya. Zinali zinyalala za cheza chochepa ndi chapakati, zambiri zochokera ku Lucas Heights pafupi ndi Sydney, kumene amapanga mankhwala oyezera ndi kuchizira matenda monga khansa. Ukayang'ana papepala, boma linachita zonse zimene buku limanena. Mwini munda wa Napandee anaupereka yekha. Misonkhano inachitika zaka zingapo. Analonjeza ntchito ndi ndalama za chitukuko. Mu 2019 khonsolo inachititsa voti, ndipo pafupifupi 62 pa 100 alionse anavomera.

Funso n'lakuti ankavota ndani. Ankavota okhala m'deralo ndi olipira msonkho wa malo kukhonsolo. Munthu wokhala kutali koma ali ndi munda ku Kimba anali ndi voti. Anthu a mtundu wa Barngarla, amene makolo awo anali pamenepo azungu asanafike, ndipo khoti linali litawazindikira kale kuti ndi eni nthaka a m'chigawocho, ambiri analibe voti, chifukwa sakhala m'malire a khonsolo ndipo ufulu wawo wa panthaka salipirira msonkho. Mbiri yomweyo imene inawabalalitsa ndi imene inagwiritsidwa ntchito kunena kuti si a pamenepo. Anapita kukhoti kudandaula za tsankho, analuza, anachita apilo, analuzanso. Anachititsa voti yawoyawo, ndipo mwa onse amene anavota panalibe ndi mmodzi yemwe wovomera. Boma linapitirira, nduna Keith Pitt n'kulengeza Napandee mu Novembala 2021.

Chimene chinaimitsa ntchitoyi mu Julaye 2023 chinandidabwitsa, ndipo poyamba ndinachilemba molakwika m'kope. Ndinkaganiza kuti khoti linati kuwasiya kunja kwa voti kunali kuphwanya lamulo. Ayi. Woweruza Natalie Charlesworth anagamula kuti mawu amene ndunayo inkalankhula akanachititsa munthu woganiza bwino kukayika kuti inali itatsimikiza kale maganizo isanamve madandaulo. Tingoti khoti linapeza mwa nduna chimene mphunzitsi wanga anapeza m'pepala langa. Mwezi wotsatira boma linati silichita apilo, Kimba n'kusiyidwa.

Mawu akuti stakeholder timawamasulira kuti "wokhudzidwa", ndipo amamveka ngati munthuyo amadziwika yekha. Kimba yandiphunzitsa kuti pali wina amene amagwira pensulo n'kujambula mzere, ndipo zotsatira za voti zimakhala zitayamba kudziwika pa nthawi yojambulayo. Ku England kunachitika zofanana mwa mtundu wina. Mu Januwale 2013 makhonsolo aang'ono a Copeland ndi Allerdale anavomera kupitiriza kufufuza, khonsolo yaikulu ya Cumbria inakana, zonse n'kuima. Boma litalembanso ndondomeko, linaikamo zoti khonsolo imodzi isamathe kutsekereza zinzake. Wina anganene kuti anateteza mawu a okhala pafupi. Wina anganene kuti anachotsa pabwalo woweruza amene anawagamula moipa. Mpaka pano ndikuona kuti onse awiri akunena zoona.

Zinandikumbutsa msonkhano wina umene ndinathandiza kukonza ndili pa maphunziro a pantchito kubungwe lina, wofunsa maganizo pa nkhani ya nkhalango. Okhudzidwa anali amene analandira kalata. Anabwera kuhotelo, anasaina papepala, analandira alawansi, tinajambulitsa, ndipo lipoti linati anthu afunsidwa. Amayi otola nkhuni m'nkhalangomo sanali pamndandanda. Mndandandawo ndinautaipa ndine.

Polembanso ntchitoyi ndasankha kuibweretsa pafupi, pakuti ngakhale Malawi alibe magetsi a nyukiliya, nkhaniyi satiphonya. Tili ndi lamulo la 2011 loyang'anira za mphamvu ya atomu ndi bungwe lake la AERA. Tili ndi zipangizo za cheza m'zipatala ndi m'ntchito zina, zimene zikatha ntchito zimafuna kosungira. Tilinso ndi Kayelekera ku Karonga, kumene anayamba kukumba yureniyamu mu 2009 n'kuima mu 2014 mtengo utagwa. Matope otsala posefa miyala ya yureniyamu si oopsa ngati timachubu tija, kutalitali, koma amakhala pamalopo kampani iliyonse itapita. Mgodiwu usanatsegulidwe, mabungwe omwe si aboma anapita kukhoti mu 2007 ndipo nkhani inathera pa mgwirizano wa kunja kwa khoti.

Gawo la mphamvu yokana ndalemba, la ndalama zoti anthu adzipezere akatswiri awo ndalembanso, ndi lina loti ufuluwo ukhale m'lamulo osati m'lonjezo la nduna. Pamene ndakakamira ndi pa mapu. Madzi a ku Kayelekera amatsikira mu mtsinje wa Sere, Sere amathira mu North Rukuru, North Rukuru amakalowa m'nyanja pafupi ndi tauni ya Karonga. Ndikajambula mzere wozungulira midzi ya pafupi ndi mgodi, mlimi wa mpunga wa kumunsi watsala kunja. Ndikamulowetsa, msodzi wa kunyanja akufunsa chifukwa chimene ndamusiyira. Ndikatambasula mpaka nyanja yonse, mawu a mayi wotunga madzi mu Sere amira m'chigulu cha anthu amene sanauonepo mtsinjewo. Ndafufuta mzerewo katatu, pepala layamba kubooka, ndipo ntchitoyi ikufunika Lachisanu lino nthawi ya 4 koloko.