Mabotolo Amene Anthu Satchula Pakauntala

Ndimagwira ntchito kufamasi, ndipo funso limene ndimafunsa kuposa lina lililonse ndi lakuti, "Kodi pali mankhwala ena amene mukumwa?" Yankho silichedwa: "Ayi, palibe." Ndikafunsanso kuti, "Nanga mavitamini, timapilisi ta zitsamba, kapena ufa wosungunula m'madzi?" munthu amayamba kuwerenga ndi zala. Sikuti amabisa dala. Chinthu chimene wagula yekha popanda kalata ya dokotala amachiona ngati chakudya, ndiye saona chifukwa chochitchulira. Sabata yathayi ntchito yambiri inachokera pamenepo.

Lolemba kunabwera mayi wina kudzatenga ma ARV ake, aja okhala ndi dolutegravir. Akutsegula chikwama ndinaona kabotolo ka kashiamu kali m'kati.

"Mayi, awa mumamwa nthawi yanji?"

"M'mamawa, pamodzi ndi enawa, ndisanadye kanthu. Ndimafuna ndithane nazo kamodzi."

Kashiamu, ayironi ndi magnesium zimakanirirana ndi dolutegravir m'mimba, mankhwalawo n'kudutsa osalowa mokwanira m'magazi. Munthu amamwa tsiku lililonse mosadumphitsa, koma thupi likulandira pang'ono. Njira yake ndi kumwa dolutegravir maola 2 musanamwe kashiamu, kapena maola 6 mutamwa kashiamuyo. Tinangosamutsira kashiamu kumadzulo, nkhani n'kutha. Ciprofloxacin ndi doxycycline (mankhwala opha mabakiteriya) komanso levothyroxine (mankhwala a chithokomiro) nawonso safuna kukumana ndi kashiamu kapena ayironi m'mimba.

Lachiwiri ndiye kunali nkhani. Bambo wina wachikulire, amene anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha mtima, anaika pakauntala botolo la makapisozi a plant sterols, tinthu tochokera ku zomera totsitsa cholesterol (mafuta a m'magazi), pafupi ndi paketi ya atorvastatin, mankhwala otsitsa cholesterol a gulu la ma statin. Paketiyo inali yosatsegula, chikhalirecho anailandira mwezi watha.

"Adokotala," anatero (pakauntala aliyense wovala gauni yoyera ndi dokotala, ndinasiya kukonza), "mwana wanga wanditumizira awa, akuti ndi achilengedwe. Ndiye enawa ndawapumitsa kaye."

Ndinawapempha kuti akhale pansi, chifukwa nkhani ya sterols siyankhidwa ndi mawu amodzi. Pa zinthu zonse zimene zili pashelefu ya zowonjezera pa chakudya, izi ndi zina mwa zochepa zimene ndimatha kunena mosakayika kuti zimagwiradi ntchito. Zimapezeka m'mafuta a zomera, mtedza ndi njere, ndipo kapangidwe kake n'kofanana kwambiri ndi ka cholesterol. Zikafika m'matumbo zimalimbirana malo ndi cholesterol wochokera m'chakudya ndi m'ndulu, ngati anthu awiri olimbirana khomo lopapatiza. Cholesterol wina amalephera kulowa, n'kutuluka ndi chimbudzi, ndiye chiwindi chimayamba kukoka wambiri kuchokera m'magazi. M'chakudya cha masiku onse munthu amapeza mamiligalamu 200 mpaka 400 patsiku, osakwanira kusintha kanthu. Pamafunika magalamu pafupifupi 2. Mayiko a mu European Union amalola opanga kulemba kuti magalamu 1.5 mpaka 2.4 patsiku amatsitsa LDL, cholesterol woipa uja, ndi 7 mpaka 10 peresenti m'masabata 2 kapena 3. Majarini woyamba wothiramo zimenezi anayamba kugulitsidwa ku Finland mu 1995, ndiye si nkhani ya dzulo ayi.

Kenako ndinatenga kapepala ka risiti, n'kulemba kuseri kwake. LDL ikakhala pa 4.0, sterols angaitsitse kufika pa 3.6. Statin wamphamvu angaitsitse ndi theka, kufika cha pa 2.0. Bambowo anayang'ana manambalawo nthawi ndithu. Ndinawauzanso china chimene sichilembedwa pabotolo: ma statin anayesedwa pa anthu masauzande ambirimbiri, n'kupezeka kuti amachepetsa matenda a mtima ndi sitiroko, pomwe umboni wa sterols umathera pa kutsika kwa nambala ya kulabu. Kwa munthu amene mtima unamugwetsapo kale, kusinthanitsa ziwirizi ndi kudziika pangozi.

"Ndiye ndiwataye?"

"Ayi, bambo, musataye. Imwani onse awiri, koma dokotala wanu adziwe."

Amagwira ntchito malo osiyana, statin m'chiwindi, sterols m'matumbo, ndiye amathandizana. Ndipotu kuwirikiza kawiri mlingo wa statin kumangowonjezera pafupifupi 6 peresenti, kutanthauza kuti 10 peresenti ya sterols si yochepa. Akadakhala kuti akumwa ezetimibe, mankhwala enanso otsitsa cholesterol, ndikadawauza kuti asadzivutitse, chifukwa ameneyo amagwira kale ntchito m'matumbo momwemo. Makapisozi a sterols aja bambowo ankamwa usiku pogona, m'mimba mulibe kanthu, ndipo pamenepo n'kungotaya ndalama: ayenera kumwedwa ndi chakudya, nthawi imene ndulu yatsika. Kupitirira magalamu 3 patsiku sikuwonjezera phindu lenileni. Amatsitsanso pang'ono beta-carotene m'magazi, choncho masamba ndi zipatso zisasowe m'mbale. Mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wosakwana zaka 5 sayenera kumwa, ndipo ngati ndi majarini, asakhale wopaka banja lonse. Palinso matenda osowa otengera kumtundu otchedwa sitosterolemia, amene thupi limasunga sterols m'malo mowataya. Wotero sayenera kuwayandikira n'komwe.

Lachitatu kunali zii, tinangotha tsiku tikuwerenga katundu ndi kuchotsa zimene masiku ake atha. Mtsikana wina amene akufuna kutenga pakati anafunsa mavitamini. Ndinamupatsa folic acid wa mamaikulogalamu 400, woti ayambe asanaime mpaka masabata 12 a mimba, n'kumulanda m'manja botolo la mafuta a chiwindi cha nsomba limene anali atasankha yekha. Mafutawa ali ndi vitamini A wambiri, ndipo vitamini A wochuluka angapundule mwana ali m'mimba.

Lachinayi ndinapsa mtima, koma osati ndi wodwala. Agogo ena aakazi anabwera ndi mdzukulu wawo kudzafuna mafuta opaka, akuti ntchafu ndi mapewa zikuphwanya moti kudzuka pampando n'kovuta. M'kaundula wathu munali kuti amamwa simvastatin, statin winanso, ndipo ma statin amatha kuphwanyitsa minofu. Nditafunsa funso langa kachiwiri, mdzukuluyo anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha botolo la red yeast rice limene anawagulira pa intaneti. Mpunga wofiira umenewu uli ndi monacolin K, amene ndi chimodzimodzi ndi lovastatin, statin weniweni. Agogowo ankamwa ma statin awiri osadziwa, wina wa mlingo wodziwika, wina wa mlingo wosadziwika, chifukwa kuchuluka kwake kumasiyana botolo ndi botolo. Mafuta opaka sindinawagulitse. Ndinafunsa ngati mkodzo wasintha mtundu kukhala woderako, anati ayi, komabe ndinalemba kalata yoti akayezetse magazi tsiku lomwelo. Mdzukuluyo anachita manyazi, ndipo ndinamuuza kuti mlandu si wake. Pabotolopo panalembedwa za chilengedwe ndi zilembo zikuluzikulu, za statin panalibe.

Anthu amaganiza kuti chilichonse chokhala m'kabotolo kokongola chinadutsa m'manja mwa boma ngati mankhwala. Ku United States, lamulo la mu 1994 limalola kuti zowonjezerazi zigulitsidwe popanda kuvomerezedwa kaye ngati mmene amachitira ndi mankhwala. European Union inachita kuika malire mu 2022 kuti monacolin asafike mamiligalamu 3 patsiku. Ku Japan mu 2024 kampani ina inaitanitsa mapilisi ake a mpunga womwewu kuti abwezedwe, anthu ambiri atadwala impso.

Lachisanu ndinakaniza mayi wachitsikana St John's wort atanena kuti ali pa mapilisi olerera. Chitsambachi chimafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, ndipo chimafooketsa mapilisi olerera, warfarin (woletsa magazi kuundana) ndi ma ARV angapo. Anachoka atakwiya, mwina anakagula kwina.

Loweruka masana anaimba foni namwino wa kukiliniki ina, akufunsa za mayi amene timamupatsa levothyroxine. Zotsatira za chithokomiro zinaonetsa ngati mankhwala achuluka kwambiri, pomwe mayiyo akupeza bwinobwino, ndiye ankafuna kuchepetsa mlingo. Ndinakumbukira kuti mayi yemweyo amagula mapilisi okulitsa tsitsi. Muli vitamini wotchedwa biotin wa mamaikulogalamu 10,000, pomwe munthu wamkulu amangofunika 30 patsiku. Biotin wochuluka chonchi amasokoneza makina ena a kulabu, n'kuonetsa TSH, nambala yoyezera chithokomiro, yotsika pamene ili bwino. Amabisanso troponin, imene amayeza munthu akamaganiziridwa kuti mtima wavulala, ndipo bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku United States, linachenjeza za zimenezi mu 2017. Tinagwirizana ndi namwinoyo kuti mlingo asaukhudze. Mayiyo asiye kaye mapilisi a tsitsi masiku osachepera 2, akayezetsenso Lachitatu.