Mmene tinayendera poyezetsa Alzheimer's kwa bambo a Down syndrome

Ndimagwira ntchito yosamalira anthu olumala panyumba ina kuno ku England, ndipo mmodzi mwa amene ndimawasamalira ndi bambo a zaka za m'ma 50, obadwa ndi Down syndrome. Alzheimer's ndi matenda a ubongo odziwika ndi kuiwalitsa, koma kusintha kwa bambowa sikunayambe ndi kuiwala. Ankangoima pakhomo la bafa osadziwa chochita, ankaopa masitepe amene akhala akukwera kwa zaka zambiri, ndipo ankapsa mtima ndi tinthu tachabechabe. Kwa anthu a Down, nthawi zambiri khalidwe ndilo limayamba kusintha.

Tinayambira kwa GP, dokotala woona matenda osiyanasiyana amene munthu amayambirako kuno. Sanathamangire kutchula matenda a ubongo. Anayamba watenga magazi kuti aone chithokomiro, chifukwa kufooka kwake n'kofala kwa anthu a Down ndipo kumachititsa munthu kuoneka wozizira ndi woiwalaiwala. Anawayezanso makutu ndi maso, n'kufunsa ngati amabanika kutulo kapena ngati pali wachibale amene anamwalira posachedwa. Zonsezi zimachizika, n'chifukwa chake amayambira pamenepo. Atapeza kuti kumeneko kulibe vuto, anatitumiza kwa akatswiri a m'dera oona za anthu ovutika kuphunzira.

Kumeneko ntchito yaikulu inagwera ife. Mafunso amene amafunsa okalamba ena, monga kuchotsera manambala kapena kutchula nduna yaikulu, sathandiza kwa munthu amene sankatha zimenezi ngakhale ali mnyamata. Amamuyerekezera ndi mmene iye mwini analili kale. Ndinadzaza fomu yotchedwa DSQIID, yofunsa chimene chakhalapo kuyambira kale ndi chimene changoyamba kumene. Malangizo a kuno amati munthu wa Down aziyezedwa koyamba pofika zaka 30 kuti padzakhale poyerekezera. Anzanga amene mumalemba m'buku la tsiku ndi tsiku kuti "ali bwino" basi, dziwani kuti dokotala sapezamo kanthu. Lembani kuti anamanga okha mabatani kapena ayi.

Dokotala anatijambulira papepala chifukwa chimene Alzheimer's imagwirira kwambiri anthu a Down. Ambirife tili ndi makromozomu 46, tinthu ta m'maselo tosunga malangizo a chibadwa otchedwa majini, koma munthu wa Down ali ndi 47, poti kromozomu 21 ilipo itatu. Zimenezi zinadziwika mu 1959 ku Paris. Pa kromozomu imeneyi pali jini yotchedwa APP. Ikakhala itatu, ubongo umapanga puloteni ya amyloid yochuluka, ndipo pofika zaka 40 pafupifupi onse amakhala kuti yaundana muubongo, ngakhale zizindikiro zimachedwa.

Maselo a ubongo sagundana. Pakati pawo pali kampata, ndipo uthenga ukafika kumapeto kwa selo, timatumba timatsegukira panja n'kukhuthula mankhwala amene amawolokera ku selo linalo. Kenako timatumbato timabwezedwa mkati kuti tidzazidwenso, ngati mabotolo a zakumwa obwerera kugolosale. Majini ena a pa kromozomu 21 yomweyo, SYNJ1, ITSN1 ndi DYRK1A, amakhudza kubweza kumeneku, choncho nawonso akachuluka ntchitoyo imasokonekera. Pamwamba pa apo, maselo a pansi pa ubongo chakutsogolo, amene amatulutsa mankhwala ena onyamula uthenga, acetylcholine, wothandiza kutchera khutu ndi kukumbukira, amafa pang'onopang'ono.

Apa m'pamene mankhwala amene dokotala anawalembera, donepezil, amalowera. Sakonza jini, saletsanso maselo kufa. Amangogwira enzayimu imene imaphwanya acetylcholine, kuti wochepa amene watulukayo akhalitse pakampata paja. Achibale anamva kuwawa atauzidwa choncho, koma ine ndinaona kuti dokotala anachita bwino kusawanamiza.

Asanayambe kumwa anawayeza mtima ndi ECG, makina ojambula kagundidwe ka mtima, popeza mankhwalawa amatha kuchedwetsa kugunda kwake, ndipo anthu ambiri a Down amabadwa ndi vuto la mtima. Anayambira pa 5 mg madzulo, kuti patatha mwezi aone ngati angakwere kufika pa 10 mg. Ife tinapatsidwa zoti tizilemba: nseru, kutsegula m'mimba, kuchepa thupi, maloto oopsa, ndi kunjenjemera kwadzidzidzi kwa manja m'mamawa. Chomalizachi musachinyozere. Khunyu imatha kuyamba kuukulu kwa anthu a Down amene ali ndi Alzheimer's, ndipo ikaoneka timaimbira dokotala tsiku lomwelo, osadikira tsiku la kuchipatala.